Chibakera cha a Sisita Esinati

Lachitatu lapitali chakwana chaka chiwaikire m'manda a Sisita Esinati Mwanza. Palibe amene anakumbukira. Kutchalitchi sanawatchule, ndipo mwana wawo amene ali ku Kabwe sanabwere. Ine ndinakumbukira chifukwa mimba yanga siindilola kuiwala. Ndinali ndi mawu amene akanawayeretsa dzina mayi aja, koma ndinawasunga m'kamwa zaka khumi ndi zinayi mpaka eni ake atapita. Manyazi amenewo ndi anga, ndipo ndi bwino ndiwanene poyamba pomwe.

Kuno kwathu, kuseri kwa Chalimbana, ukafunsa za a Esinati anthu ankayamba ayang'anizana. Dzina lawo lodziwika linali a Sikelo. Anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri m'chipinda cha opaleshoni, chimene amati thiyeta, pachipatala china cha m'boma lathu lomwe lino, ndipo atapuma anakhala okha pa kapuloti kawo kumapeto kwa msewu wafumbi. Anali aatali, owonda, olankhula motsitsa ngati m'nyumba muli wodwala. Manja awo anali ozizira ngakhale mu Okutobala. Lamanja linali lofumbata, silinkatambasuka, kotero moni ankapereka ndi lamanzere.

Moni wawowo ndiwo unkaopsa anthu. Akakugwira dzanja sankalisiya msanga. Ankalitembenuza, n'kuyang'ana chikhatho, n'kufinya chikhadabo chako mpaka chiyere, kenako n'kudikira kuti kufiira kubwerere. Akapanda kukhutira ankakukoka chikope cham'munsi osapempha n'komwe. "Magazi yachepa iwe," ankatero. "Uzidya bondwe na nyemba." Munthu wangotuluka kukagula tomato, ukubwerera kwanu utauzidwa za magazi ako. Ndani angakonde zimenezo?

Dzina la Sikelo linachokera ku thiyeta komweko. Mayi wina amene ankakolopa kumeneko anawaona tsiku lina akutola nsalu zonyowa ndi magazi a wodwala, n'kuziika m'kathumba, n'kuzikoloweka pa sikelo yangowe yonga ija timayezera makanda. Atawerenga analemba manambala m'kabuku. Mayi uja sanafunse kanthu. Anangoinyamula nkhaniyo mpaka kumudzi, ndipo pofika Lamlungu aliyense anali atadziwa kuti a Sisita ndi kamunyama, aja abale athu a ku Malawi amati anamapopa, ndi kuti magazi a anthu amawayeza pa kilo ngati chimanga asanawatumize ku Lusaka.

Chifukwa chenicheni chinali chapafupi mpaka chimandikwiyitsa. Maso amanama pa magazi. Ochepa akatayikira pansi amaoneka ambiri, ambiri akalowa m'nsalu saoneka. Iwo ankadziwa kulemera kwa nsalu iliyonse ikadali youma. Akaiyeza itanyowa n'kuchotserapo, chotsalacho ndiwo magazi amene wodwala wataya, ndipo dokotala ankadziwa kuti abwezeremo ochuluka bwanji. Basi. Koma a Sisita sanali munthu wodzifotokoza. Ankati wofuna kudziwa adzafunsa, ndipo palibe amene anafunsa.

Zimenezi ndikuzidziwa chifukwa ndinkapita kwawo mobisa, masana anthu ali kumunda, podzera kanjira ka kuseri kwa madimba. Ndinkawapeza pakhonde, pa mpando wawo wamatabwa. Mwendo umodzi wa mpandowo unali utatupa ndi timfundo. Ankasolola ulusi pathumba la feteleza n'kumamanga mfundo pamwendopo ndi dzanja limodzi lamanzere lija, maso ali kumsewu. Anandiuza kuti ndi mmene amamangira mtsempha wodulidwa: wina amaupana ndi kachitsulo, wina amadutsitsa ulusi kunsi kwake n'kumanga katatu, ndiyeno kachitsulo kaja amakamasula pang'onopang'ono onse akuyang'anitsitsa. Zala zikaiwala, munthu amafa, ndiye sankafuna ziiwale. Odutsa mumsewu ankati mfundo iliyonse ndi munthu mmodzi amene anamumanga.

Nyama yootcha sankadya. Ku thiyeta kuli makina amagetsi ootchera timitsempha ting'onoting'ono kuti titseke, ndipo fungo lake, ankatero, ndi la mbuzi akamaiwaula. Paukwati utsi wa nyama ukangoyamba, iwo ankanyamuka osatsanzika. Anthu ankakodolana n'kumati akhuta kale zina.

Chinthu china chimene sankapirira nacho ndi mpopi wodontha. Mwana wawo uja anawaikira thanki ndi pampu yoyendera dzuwa, ndipo mpopi wapabwalo unali ndi vuto lake. Ukangoti tho, ankadula nkhani pakati, n'kupita kukautseka kukamwa ndi chala chachikulu, n'kuima pomwepo ngati aiwala kuti ali ndi mlendo. Ankati magazi othovoka ndi ochita phokoso saopsa kwenikweni, chifukwa aliyense amawathamangira. Oopsa ndi aja amangodontha mwakachetechete anthu akuseka. Ankatinso choyamba ndi kukanikiza, kuyang'ana kumabwera pambuyo, ndipo amene wakanikiza sachotsa dzanja mpaka wina atabwera kudzamulandira. Madokotala achinyamata okonda kuvundukula nsalu kawirikawiri kuti aone ngati magazi aleka ankawamenya pa dzanja, dokotala kaya si dokotala. Ankanena zimenezi akuseka, ndipo ndi pokhapo ndinkaona mano awo.

Chimene chinawamalizira dzina ndi nkhani ya a Banda, amene ankanyamula mkaka panjinga kuchokera cha ku Palabana. Tsiku lina anagwa, chiwongolero chinawagunda m'mimba chakumanzere, anadzuka akuseka n'kutola zigubu zawo. A Sisita anawapeza pagolosale akumwa madzi kapu yachitatu, thukuta lili kamukamu, milomo yatuwa. Anawagwira dzanja monga mwa chizolowezi chawo.

"Ba Banda, muli kutaya magazi mukati. Siyani njinga apa, yendani ku chipatala manje manje."

"Magazi yali kuti, ba Sisita? Onani, kulibe na chilonda."

Anthu anaseka, a Banda anakwera njinga yawo. Mawa lake tinamva maliro. Palibe ananena kuti mayi aja anachenjeza. Funso linali limodzi lokha: anadziwa bwanji? Kuyambira pamenepo ana akawaona akubwera ankalowa m'chimanga.

Mwa onse, apongozi anga ndiwo anali ndi pakamwa pa a Sisita. Tsiku lina mdzukulu wawo wamkazi anadzitema ndi khasu pamwendo, ndipo apongozi anali kalikiliki kuthira dothi ndi phulusa pabalapo. A Sisita ankadutsa. Anawakankhira pambali, anavula duku yawo, anaipinda n'kukanikiza, mwendo atautukula m'mwamba. Anakhala chigwadire mpaka magazi analeka. Atati atenge duku ija, apongozi anailanda.

"Magazi ya mwana wanga siyazapita na imwe."

"Yasungeni, amai. Nifuna chabe duku yanga."

Duku ija anaiotcha pompo. A Sisita anabwerera kwawo mutu uli pamtunda, imvi zili mbee. Ine ndinaima pakhomo ndi mbale m'manja, ndipo sindinatsegule pakamwa, pamene moyo wanga womwewu unali ngongole kwa mayi ajawo kuchokera kale.

Ndinene tsopano za kaleyo. A Sisita anali asanapume ntchito pamene mimba ya mwana wanga Dalitso inavuta. Mwana anagona chopingasa, ndipo m'mawa wina wotentha anandilowetsa ku thiyeta. Pakhomo apongozi anagwira machira. "Uja wa sikelo asamugwire," anatero. A Sisita anangowalambalala ngati chitsa.

Anandibaya jakisoni wapamsana, kotero ndinali maso, koma kuyambira pachifuwa kutsika thupi linali ngati la munthu wina. Kutsogolo kwanga anatchinga nsalu yobiriwira. Ndinamva mwana akulira ndipo ndinaseka. Kenako m'chipinda monse munangoti zii. Sindinamve kupweteka kulikonse. Ndinkangomva kanthu kakudontha pansi, tho, tho, ndi mawu a a Sisita akuwerenga nsalu motsitsa.

Mwana akatuluka, chiberekero chimayenera kulimba kuti chifinye mitsempha yake chokha. Changa chinangoti lende ngati thumba lonyowa. Anathira mankhwala m'dripi, anachisisita, anachifinya ndi manja awiri, koma ayi ndithu. Ndinamva tizitsulo topanira tikulira, kete, kete. Ndinamva fungo lija la mbuzi yowaula, ndipo ndinadziwa kuti ndi ine. Kenako magetsi anathima, makina ootchera analeka, jenereta inachedwa kulira. Dokotala anali wachinyamata ndipo anayamba kuvundukula nsalu kuti aone.

"Musayang'ane, ba dokota," anatero a Sisita. "Kanikizani chabe. Nizakuuzani ine."

Anamanga mitsempha imene anatha kuipeza, analonga nsalu m'mimba mwanga kuti zitsendere pomwe pankatuluka magazi, n'kutseka. Magazi oti andipatse linalipo thumba limodzi lokha. Panalibe kuchitira mwina koma kuthamangira ku Lusaka. Pondikweza mu ambulansi, a Sisita analamula kuti sikelo ndi ndowa ya nsalu zikwere nawo. Apongozi anaima pompo ndipo anaona ndi maso awo. Umboni wina ankaufuniranji?

Tisanapite patali magazi anayambiranso. A Sisita anagwada pambali panga, anafumbata chibakera, anachiika pamwamba pa mchombo wanga chakumanzere pang'ono, n'kutsamirapo ndi thupi lonse, mkono uli chiwongokere. Pansi pamenepo pamadutsa mtsempha waukulu wopita kumiyendo ndi kuchiberekero, ndipo ukaupanikizira ku fupa lamsana, kumunsi konse magazi amachepa. Namwino wina ankachotsa nsalu zonyowa, kuziyeza, n'kuziponya m'ndowa. Sikelo anaikoloweka kudenga, ndipo inkagwedezeka pamwamba pa nkhope yanga njira yonse.

Dzuwa linali paliwombo koma ine ndinkanjenjemera ndi kuzizira. Titayandikira mphambano ya ku eyapoti tinapeza malole atatsekana, galimoto inayamba kukwawa. Pamenepo ndi pomwe ndinawaona amayi anga, amene anamwalira ndili mtsikana. Anakhala pabenchi pafupi ndi chitseko, atavala chitenje chawo chabuluu, manja ali pamiyendo ngati munthu wodikira basi. Sankandiyang'ana ine. Ankayang'ana chibakera cha a Sisita. Ndinachita mantha amene sindinachitepo, chifukwa ndinaona kuti sakufulumira.

A Sisita sanatembenuke. Thukuta lawo linkandidonthera pachifuwa. Anangoti motsitsa, "Osati lelo, amai. Sinizachosa."

Ku Lusaka anandinyamula pamachira iwo ali chigwadire pompo, chibakera chili m'malo mwake, mpaka pakhomo pa thiyeta. Anauza dokotala wamkulu kuchuluka kwa magazi amene ndinataya osayang'ana n'komwe m'kabuku. Wina anaika dzanja lake pambali pa lawo n'kutsamira, ndipo dokotala uja anati, "Lekani manje, ba Sisita. Tagwira ife." Mawu amenewo ndiwo ndinamva omaliza ndisanagone. Ndinauzidwa pambuyo pake kuti anachita kuwatukula m'mapewa, ndipo dzanja lija linakana kutambasuka. Iwo ankati ndi nyamakazi chabe, inali kubwera kale. Ine ndimadziwa tsiku limene inayamba.

Chiberekero anachotsa, ine ndinatsala. Pamwamba pa mchombo panali zipsera zinayi zakuda za mfundo za zala, ndipo zinatenga milungu kuti zithe. Zitatha, kulemera kuja sikunachoke. Ndikamalima, ndikamagona, ndikamaimba kutchalitchi, ndinkamva chibakera chija chili pomwepo, osapweteka, kungotsendera. Ndinachizolowera ngati lamba.

Patapita zaka ndinawafunsa kuti ankalankhula ndi yani mu ambulansi muja. Anati munthu wotaya magazi amaona ndi kumva zambiri, ndisamavutike nazo. Anamanga mfundo imodzi, kenako ina. Ndiyeno ananena, maso ali kumsewu, kuti chitenje chabuluu chija chinkawakhala. Za chitenje ndinali ndisanauzepo munthu.

Kumudzi nkhani inafika ine ndisanafike. Apongozi anali atauza aliyense kuti a Sikelo anandipopa mpaka kundiumitsa chiberekero, ndipo zipsera zija ankazionetsa kwa amayi obwera kudzandiona kuti ndi pomwe anapopera. Bambo a Dalitso anali kutsogolo kwa ambulansi ndipo anaona zonse pa kawindo, koma pamaso pa amayi awo ankangoyang'ana pansi. Nanga ine? Mkazi wa mwana mmodzi, wosadzaberekanso, pamudzi pa eni. Ndinaopa kubwezedwa kwathu ku Katete ndi kathumba m'manja. Akandifunsa ndinkati, "Sinikumbuka, ninali nakomoka." Ndinanena bodza limenelo kambirimbiri mpaka linasalala m'kamwa. Pamsika ndikakumana ndi a Sisita ndinkawerama n'kumasankha tinsomba ta kapenta.

Sanandidzudzulepo. Tsiku lina pakhonde paja ndinalira, ndinati, "Amai, nizakamba. Pa Sondo nizaimilila mu chechi nizakamba vonse." Anandikoka chikope, anayang'ana, n'kuti, "Uzakamba ukazalimba, amake Dalitso." Malamlungu anadutsa osawerengeka.

Tsiku limene anamwalira ndinali m'dimba ndikuthirira repu, dzuwa litakwera kale. Kulemera kuja kunangochoka. Sikunachepe pang'onopang'ono ayi, kunachoka ngati munthu wanyamuka. Ndinakhala pansi pakati pa mizere, ndinagwira pamimba n'kumadikira kuti magazi ayambe. Sanabwere. Ndinasiya kheni yothirira pomwepo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinapita kwawo podzera mumsewu waukulu, anthu akuona. Ndinawapeza pa mpando paja, mutu utapendekera, ulusi uli m'dzanja lamanzere. Mfundo yomaliza anali atamanga kawiri.

Posambitsa mtembo panavuta. Amayi a kutchalitchi anabwera koma anaunjikana pakhomo, aliyense akukankha mnzake. Awiri okha analimba mtima n'kulowa ndi ine. Titafika pa dzanja lamanja tinaima. Kuno munthu saikidwa atafumbata, amati watenga wina. Tinayesa madzi ofunda, tinayesa mafuta, zala zili gwa. Pakhomo manong'onong'o anayamba, ndipo ndinamva mawu a apongozi akuti mulimo kanthu m'menemo.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinamasula chitenje, ndinagwada, ndinatenga chibakera chija n'kuchiika pamimba panga. Chinalowa m'malo mwake ngati chinachoka dzulo. Ndiyeno ndinalankhula, mokweza kuti apakhomo amve. Ndinanena za nsalu zouma ndi zonyowa, za magetsi, za malole a pamphambano, za bondo lawo limene linasupuka pa chitsulo cha galimoto. Ndinanena kuti sindinakomoke, ndinkanama. Ndinanena kuti magazi amene ali mwa ine lero ndi amene mayi awa anawatsekera ndi dzanja ili. Nditamaliza ndinawerama n'kuwauza kukhutu, "Lekani manje, amai. Yaleka."

Zala zinamasuka chimodzichimodzi. M'katimo munalibe kanthu, chikhatho choyera chabe ndi timabala ta zikhadabo. Akanakhala moyo akanandiuza kuti mtembo umalimba kenako umafewa wokha ikakwana nthawi, ndisamavutike nazo. Mwina ndi choncho.

Amayi ena analira. Mmodzi anabwera kudzandimanga chitenje. Koma pofika kumanda nkhani inali itatembenuka kale: mwaona, mtembo wamumvera, ndiye kuti za ukamunyama zija wamusiyira iyeyu. Apongozi sadyanso chakudya chophika ine. Ana ena akandiona amalowa m'chimanga. Sindikudandaula. Ndalawa chaka chimodzi chokha zimene iwo anadya zaka zonse zija, ndipo kutchalitchi ankakhala okha pabenchi pomwe ine ndinali kuimba kutsogolo.

Lachitatu lija ndinapita kukaona pa kapuloti kawo kaja, masana, podzera mumsewu. Nyumba palibe waigula, palibe ngakhale wofuna kuchita lendi. Udzu wafika m'chiuno, mapapaya akugwa okha n'kuwolera pansi chifukwa palibe mwana angatole. Mpando ukadali pakhonde, wayera ndi dzuwa, ndipo timfundo tija sitinamasuke ngakhale kamodzi. Sikelo ili pa msomali kuseri kwa chitseko, ndinaiona pawindo. Pampu ija siidziwa kuti mwini wake anapita. Dzuwa likatuluka imayamba yokha, thanki imadzaza, ndipo mpopi wapabwalo ukudontha. Pansi pake pakumbika kadzenje kobiriwira.

Ndinati ndingodutsa, koma tho, tho uja anandilowa m'mutu. Ndinapita n'kuutseka kukamwa ndi chala chachikulu. Pabwalo ponse panangoti zii. Madzi ankakankha chala changa pang'onopang'ono, ozizira. Ndinayang'ana kumsewu. Anadutsa bambo wa njinga, anadutsa amayi awiri osenza nkhuni, anandiona n'kufulumiza miyendo. Mkono unayamba kuchita dzanzi, mthunzi wa thanki unasuntha mpaka unandifika kumapazi, ndipo ndinali chiimire pomwepo kudikira woti adzandilandire.